Laputopu ya a Tadikirani

Pakampani ina yobwereketsa mipando, matenti ndi nsalu za pamatebulo, tsiku linkayamba ndi pemphero. Abwana ake, mayi wamasiye amene anatenga bizinesiyo amuna awo atamwalira, ankasonkhanitsa antchito pabwalo, pakati pa milu ya mipando yapulasitiki, n'kupempha Mulungu kuti adalitse ntchito ya manja awo. Akati ameni, ankakwera kagalimoto kawo kupita kukaona makasitomala, ndipo sankabwerera mpaka dzuwa litakwera. Ameni ameneyo anali ngati belu, koma osati belu loyambira ntchito.

Lamulo la pamenepo linali lakuti lole isatuluke pageti ndi katundu popanda pepala losindikizidwa, lonena kumene mipando ikupita. Pepalalo linkachokera m'laputopu imodzi yokha, ndipo laputopuyo inali m'manja mwa kalaliki, bambo amene sankavula tayi ngakhale kutenthe bwanji. Aliyense ankangowatchula kuti a Tadikirani, chifukwa yankho lawo linali limodzi chaka chonse. Ukasuzumira pazenera la ofesi kufunsa za pepala, iwo ankakweza dzanja osakuyang'ana n'komwe.

"Tadikirani. Ikudzuka."

Sankanama kwenikweni. Laputopuyo inali yokalamba. Ukaiyatsa inkayamba yabuula, kenako mkati mwake munkamveka kanthu kakuzungulira n'kumagogoda pang'onopang'ono, ngati nkhalamba imene ikufunafuna nsapato kunsi kwa bedi. Munthu ankatha kumwa tiyi n'kutsuka kapu iyo isanatsegule maso. Koma ikadzuka, pepala la lole silinkakhala loyamba. A Tadikirani anali ndi kamunda kawo. Anthu obwera kudzabwereka matenti a ukwati amafunanso makadi oitanira alendo, ndipo a maliro amafuna timabuku ta mwambo. Iwo ankawaperekeza mpaka pageti mwaulemu, n'kuwanong'oneza kuti zoterozo amazidziwa. Choncho m'mawa uliwonse ankayamba ndi makadi, mapepala a kampani pambuyo.

Anzawo awiri sankadandaula ndi kudikirako. A Dalaiva ankati akupita kukapopetsa matayala, n'kutuluka ndi lole yopanda katundu, imene lamulo la pepala silinkaikhudza. Matayalawo ankapopedwa kutali ndithu, pakhomo pa anthu osamuka nyumba kapena pa amayi opita ndi matumba kumsika. Mayi woyang'anira nsalu, amene onse ankamuitana kuti Achemwali, ankaponya m'makina ochapira a kampani makatani ndi mabulangete a anthu a m'dera lawo, nsalu za matebulo zikudikira pambali. Kangachepe kamene ankapezapo ndiko kankagula mankhwala a amayi awo odwala shuga.

Palibe tsiku limene atatuwa anakhala pansi kupangana. Zinangomera zokha, ngati udzu wa m'mbali mwa mpopi. Achemwali ankaika kapu ya tiyi pambali pa laputopu asanapemphedwe. A Dalaiva pobwera ankasiya buledi wotentha pazenera. A Tadikirani nawo, tisawamane chabwino chawo, anakonzera aliyense wa iwo kapepala kolengeza malonda, kokongola, ka mitundumitundu, osawalipiritsa. Onse ankadya mumthunzi wa laputopu yaulesiyo, ndipo mthunziwo unkawakwanira.

Chinasokoneza zonse ndi mlamu. Tsiku lina mlamu wawo wa a Tadikirani anadutsa paofesi ndi laputopu yopyapyala ngati mbale. Anangoitsegula, iyo n'kuyaka pomwepo, osabuula, osagogoda. Mlamuyo anamvetsera kulira kwa yakaleyo, n'kufunsa ngati mkati mwake akupera chimanga. Anaseka yekha, n'kuwasisita paphewa alamu akewo, ulendo. Kusekako kunatsala m'mutu mwa a Tadikirani ngati udzudzu wolowa m'neti.

Kuyambira pamenepo anayamba kudandaula. Ankadandaula abwana akamalowa, ankadandaula akamatuluka. Ankausa moyo mokweza dala kuti kumveke mpaka kubwalo. M'mawa wina abwana atafunsa ngati pali chopempherera, a Tadikirani anakweza chala.

"Tikumbukire zipangizo zathu zogwirira ntchito, mayi. Zina zatopa. Zikufunika kupuma."

Abwana anazipemphereradi, mwachidule. Atangochoka, a Dalaiva anapita pazenera.

"Akulu, mukufuna chiyani kwenikweni?"

"Laputopu yatsopano. Ndi mlandu?"

"Nthambi imene mukuigwedezayi takhalapo anthu atatu."

"Inu dziwani za matayala. Za makompyuta zisiyireni eni ake. Ikabwera yatsopano, ndani adzadziwe kuti yadzuka nthawi yanji? Woiyatsa ndine."

Achemwali, amene ankadutsa ndi beseni, anangoti, "Achimwene, chinthu chikamakudyetsani osamachinena pagulu." Koma a Tadikirani anali atayamba kale kuganiza za chikwama chimene adzanyamuliremo yatsopanoyo, ndi njira yodutsa pakhomo pa alamu awo.

Mpata unapezeka pamene kasitomala wina anaimba foni mokwiya, kunena kuti alendo ake anaimirira padzuwa mipando isanafike. Abwana anafunsa chifukwa chake. A Tadikirani analoza laputopu ndi manja onse awiri, monga munthu woonetsa wodwala kwa dokotala.

"Ndamva," anatero abwana.

M'mawa mwake, atatha ameni, abwana sanakwere galimoto. Analowa muofesi, ndipo m'malo mwa katoni yatsopano imene a Tadikirani ankaiyembekezera, anabwera ndi mmisiri wokonza makompyuta, bambo wachikulire wa magalasi omangirira pachingwe. A Dalaiva ndi Achemwali anaima pakhomo, popeza tsiku limenelo kunalibe kopita.

Mmisiriyo anayatsa laputopu, n'kumvetsera ngati namwino. Itadzuka anayendamo pang'ono, kenako anachotsa magalasi.

"Mayi, makinawa si ofunika kutaya. Chatopa ndi nkhokwe yake, imene timati hadi disiki. Mkati mwake muli kambale kozungulira ndi kasingano kowerenga. Kuti ipeze chinthu, kasinganoko kamayenda kukachisaka. Ndiye yakalamba, ndiponso yadzaza mpaka m'khosi. Pali njira ziwiri."

"Tiuzeni."

"Yoyamba, ndiikemo ina ya mtundu womwewu, yatsopano. Ubwino wake, ndi yotchipa ndipo malo ndi ambiri. Ndingosamutsa zonse mmene zilili, osatsegula kalikonse, ngati kusamuka nyumba ndi makatoni omata. Kuipa kwake, liwiro silisintha kwambiri, ndipo ikagwa pansi ikugwira ntchito, pempherani. Yachiwiri ndi imene amati SSD. Imeneyo mulibe chozungulira. Silira, siopa mabampu, ndipo imadzuka musanakhale pampando. Koma pa ndalama imene mwandiuzayi, malo ake ndi ochepa. Zonse zili umu sizingakwanemo. Pafunika kusankha chopita ndi chotsala."

Abwana anatembenukira kwa kalaliki wawo. "Woigwiritsa ntchito ndinu. Sankhani."

Pakhomo paja a Dalaiva anagwidwa ndi chifuwa chodzidzimutsa. Achemwali anayang'ana a Tadikirani n'kujambula m'mwamba ndi chala kanthu kozungulira, kawiri konse. Njira yopulumukira inali pambalambanda: kusankha yakale, yamalo ambiri, makatoni omata. Ndipo a Tadikirani anaiona. Koma munthu amene wadandaula za kuchedwa mpaka kukuika m'pemphero, angasankhe bwanji yochedwa abwana akumuyang'ana? Anakonza tayi.

"Yothamangayo. Dziko linasintha, mayi. Sitingamatsalire."

Mmisiri uja anali atawona kale zimene anawona poyendamo muja, ndipo anali munthu wa chifundo chosachita phokoso. Anayang'ana pansi n'kulankhula ngati zosafunika.

"Chabwino. Mwina bambowa atsale nayo kaye, asese okha pang'onopang'ono, ine ndibwerenso sabata yamawa. Mwini nyumba ndiye amadziwa pamene pali fumbi."

Mulungu amatumiza thandizo m'njira zambiri, koma sakakamiza munthu kulilandira. A Tadikirani anamva mawu akuti kusesa ngati chipongwe. Komanso ankadalira nzeru ina imene anachita kalekale: zinthu zawo zonse anazibisa m'mafoda a mayina otopetsa, amene munthu wamoyo sangawatsegule mwa kufuna kwake.

"Amisiri, umu mulibe zinyalala. Chilichonse chili m'laputopu iyi ndi cha kampani. Yambani pompano."

"Chilichonse?" anafunsa abwana.

"Chilichonse, mayi."

Mmisiriyo anavalanso magalasi, n'kusanja mafoda kuyambira wolemera kwambiri. Pamwamba penipeni panali foda yolembedwa kuti Misonkho.

"Iyi yokha yatenga malo ngati theka la nyumba," anatero. "Ipite kapena itsale?"

"Itsale," anayankha msanga a Tadikirani. "Ndi zakale."

"Misonkho kulemera chonchi?" Abwana anakoka mpando n'kukhala. "Tatsegulani, ndione mmene boma likutidyera."

Munatuluka maluwa. Munatuluka nkhunda ziwiri zitanyamula mphete, mitima yofiira, akwati atatsamirana pamtengo. Khadi lililonse linali ndi timawu pansi pake, tonena kuti ofuna makadi otere aimbe nambala yakutiyakuti, ndipo nambalayo sinali ya ofesi. Abwana ankangoloza, mmisiri n'kumatsegula.

"Awa ndi aja tinawapatsa tenti yoyera. Awa ndi aja anathyola mipando. Ooh, ndi malemu aja a kumpoto kwa msika munawakonzera kabuku? Kokongola ndithu." Anatembenuka. "Boma layamba kulandira msonkho wa maluwa, akalaliki?"

A Tadikirani anatsegula pakamwa, koma mawu awo a masiku onse sanagwire ntchito pamenepa. Panalibe chodikira.

"Yotsatira," anatero abwana.

Yotsatira inali Malipoti Akale. Pakhomo paja chifuwa cha a Dalaiva chinatheratu. Pagalasi panaoneka lole ya kampani itajambulidwa bwino kuchokera kutsogolo, dzina la kampani litaphimbidwa ndi duwa lalikulu lachikasu, ndipo pambali pake pataima a Dalaiva, dzanja m'chiuno. Pamwamba panalembedwa kuti: Kusamutsa katundu mosamala, m'mamawa mokhamokha.

"M'mamawa mokhamokha," anawerenga abwana pang'onopang'ono. "A Dalaiva, matayala aja ali bwanji masiku ano?"

"Akuchira, mayi."

Chithunzi chotsatira chinali cha Achemwali, akumwetulira pambali pa makina ochapira, atanyamula katani ya maluwa imene kampani sinagulepo. Makatani ndi mabulangete, kuchapa tsiku lomwelo. Achemwali sanadikire kufunsidwa. Anaika beseni pansi n'kupinda manja, maso ali pa simenti.

Muofesimo munkangomveka hadi disiki yokha, ikugogoda mwa masiku onse, yosadziwa kuti yagulitsa anthu. Abwana anakhala nthawi ndithu akuyang'ana chithunzi chija. Anthu atatu ankayembekezera mawu amodzi, ndipo aliyense anali atayamba kuganiza mmene akafotokozere kunyumba.

"Amisiri," anatero potsiriza, "makadi awa ndi timapepala iti tingakwane m'yatsopanoyo?"

"Tingakwane, mukasiya mafilimu."

"Muli mafilimu?"

"Ali m'foda ya Malamulo a Ntchito."

"Amenewo atsale. Zinazi musafufute ngakhale chimodzi, zipite zonse. Mwamva nokha akalaliki akunena kuti chilichonse chili umu ndi cha kampani. Ine sindingatsutse munthu wodziwa makompyuta." Anaimirira n'kukonza nsalu yawo. "Ndimadabwa kuti ndimapempherera ntchito ya manja athu tsiku ndi tsiku, koma madalitso osawaona. Kani ankafika ndithu, kungoti ankalowera khomo lakuseri. Akalaliki, ikadzuka, muchotse manambala anuwo muike ya ofesi. Ndipo duwa lachikasu lija lichoke palole yanga."

Mmisiri anamasula timasikuluwu, n'kutulutsa hadi disiki yakale ija. Anaiika m'kabokosi kake koti izigwirabe ntchito ngati nkhokwe yapambali, n'kuipereka m'manja mwa abwana. Potuluka anaima pang'ono pafupi ndi a Tadikirani, n'kuwagwira pamkono, n'kupita.

M'mawa wotsatira laputopu inadzuka ameni asanazizire. Abwana anali asanapeze n'komwe makiyi a galimoto pamene pulinta inayamba kulavula mapepala. Lole inatuluka ndi mipando mame asanaume, ndipo pobwera inadzera kosamutsa katundu, koma tsopano ndi pepala la kampani. Makina ochapira anayamba ndi nsalu za matebulo, makatani pambuyo, malisiti akulembedwa muofesi. Makadi a ukwati anaikidwa pachikwangwani cha pageti ngati ntchito yatsopano ya kampaniyo. Makasitomala anayamikira kuti mipando ikufika nthawi yake. Ntchito inachuluka kawiri, ndipo kamunda ka aliyense kanalowa m'munda wa abwana.

Tisawanamizire mayiwo. Sanachotse munthu ntchito, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso, ngakhale m'pemphero. Pakutha pa mwezi aliyense anapeza kanthu kowonjezera pamalipiro, kochepa poyerekeza ndi zimene ankapeza mwakabisira, koma kodyeka ndi mtima wokhazikika. Achemwali anapezanso kathumba ka mankhwala ochokera kufamase pamwamba pa makina ochapira, kopanda dzina la wopereka. Anakaika m'chikwama osafunsa, ndipo abwana anadutsa osayang'ana. Komabe ufulu wa m'mawa uja unapita osabwereranso, ndipo onse ankadziwa amene anautsegulira chitseko.

Tiyi ankafikabe patebulo la a Tadikirani, chifukwa Achemwali sanali munthu womana mnzake madzi otentha. Koma ankafika mwakachetechete, ndipo buledi wa pazenera anasiya. Masana ena a Tadikirani anatopa ndi kudya okha. Ananyamula mbale yawo n'kupita kuseri kwa matenti, kumene awiriwo ankadyera atakhala pamipando yothyoka miyendo. A Dalaiva anasendera pang'ono, osati kwambiri.

"Bwanji, laputopu yagona?" anafunsa.

"Sigona imene ija," anayankha a Tadikirani mwachisoni. "Ngakhale kuphethira."

"Alamu anu aja munawaonetsa?"

"Anaiona. Akuti kunja kwake ndi kwakale."

A Dalaiva anaseka mpaka kuika supuni pansi. A Tadikirani anadikira kuti kusekako kuthe, kenako analankhula zimene zinkawalemera.

"Koma abale anga, tinene zoona. Ine sindinatchule dzina la munthu. Pakamwa panga sipanatuluke kuti a Dalaiva, kapena kuti Achemwali. Mukundisalira chiyani?"

Achemwali anamaliza kutafuna, n'kupukuta manja pa epuloni.

"Simunatchule, achimwene, zimenezo n'zoona. Inu munangochita phokoso. Ife tinkadya zathu pansi, mwakachetechete, osaputa munthu. Inu munakwera pamwamba n'kuyamba kuthamangathamanga mpaka mwini nyumba anadzuka ndi nyali. Ndiye nyali ikayaka imasankha woti imuwalire?"

Kenako Achemwali anatapa ndiwo m'mbale yawo n'kuwaikira a Tadikirani. Asanaikeko dzanja, kuofesi kunamveka mawu a abwana, akuitana kuti kwabwera anthu a ukwati ofuna makadi. Kalaliki anaimirira, mbale ili m'manja, n'kuyang'ana anzake ngati wopempha chilolezo.

"Pitani, akulu," anatero a Dalaiva. "Ikukudikirani."

Zimatero m'nyumba zambiri ndi m'malo ambiri a ntchito. Pamene anthu akudyera limodzi mumdima, chitetezo cha onse chimakhala pa kudekha kwa aliyense, ndipo mmodzi akafuna kuoneka, amaonetsa ndi anzake omwe. Sachita kuloza chala kapena kutchula dzina. Akulu anaziona kalekale zimenezi, n'chifukwa chake anati khoswe wa patsindwi adaulula wa padzala.